Kopolo Malizani ndi Mlendo Wovula Chipewa

Kalekale, m'mudzi wa Kanjiwa kuseri kwa phiri, munali asilikali atatu opuma. Tcherani khutu, pakuti nthano iyi oidziwa ndi ambiri, koma woinena bwino ndine.

Atatu onsewo anabwerako kunkhondo ali osakwanira. Woyamba anasiyako mwendo. Wachiwiri anasiyako makutu. Wachitatu, Kopolo Malizani, anasiyako maso, bomba litamuphulikira pafupi. Aliyense anali ndi kabuku kake ka usilikali, kolembedwamo dzina, nambala ndi tsiku limene anavulala. Popanda kabukuko, palibe akanavomereza kuti munthuyo analumalira pa ntchito.

Chaka china pa wailesi analengeza kuti asilikali olumala akalembetse ku boma kuti alandire chipukuta misozi. Sabata isanathe, m'mudzimo munafika mwamuna wa jekete, chipewa chakuda ndi chikwama chachikopa. Anati ndi Sajeni Likongwe.

Anayambira kwa wa mwendo umodzi. "Madala, muvutikirenji ndi ndodo mpaka ku boma? Inenso ndinali msilikali. Ndipatseni kabuku, dindani chala apa, zotsalazo ndi zanga." Pepalalo linali losalembedwa kanthu. Mkuluyo anadinda.

Anapita kwa wogontha. Anamukuwira mawu omwewo kukhutu. Nayenso anadinda.

Tsiku lachitatu anafika kwa Kopolo Malizani, amene anali pakhonde akupota chingwe. Mkazi wake, Nasibeko, ndiye anali maso ake: chilichonse chochitika pabwalo ankamuuza. Koma anakwatirana mwamunayo atachoka kale ku usilikali, ndiye za kumeneko Nasibeko sankazidziwa.

Mlendoyo anafotokoza zake zija, ndipo Kopolo anati, "Nasibeko, katenge kabuku m'sutikesi."

Kabuku katabwera, mlendoyo anafuna kukometsa zinthu. Anavula chipewa monga timachitira pamaso pa akulu, nachigwira kumanzere. Kenako anamenyetsa chidendene pansi, dzanja lamanja pachipumi. Sawatcha!

"Ii, abambo, mukanamuona!" anatero Nasibeko. "Mwana woleredwa bwino. Chipewa wavula, ndipo wakuchitirani sawatcha ngati ndinu bwana wamkulu."

Kopolo anasiya kupota. "Wati chipewa chili kuti?"

"M'manja."

"Dzanja linalo?"

"Pachipumi."

"Nanga pamutu?"

"Dazi lokhalokha, likuchita kuwala."

Tsono inu simudziwa, ndikuuzeni ineyo. Ku usilikali munthu sachita sawatcha kumutu kulibe chipewa. Amangoima njo, manja m'mbali. Zimenezi amaziphunzira sabata yoyamba, asanagwire n'komwe mfuti.

Kopolo anabisa kabuku kunsi kwa ntchafu. "A Sajeni, senderani kuno ndikugwireni dzanja."

Mlendoyo anapereka dzanja. Kopolo analigwira, osalisiyanso.

"Nambala yanu?"

"Aa, madala, papita zaka..."

"Ine nkhope ya mayi anga yandichoka m'mutu, koma nambala yanga ndikhoza kuitchula ndili m'tulo. Munali kampu iti?"

"Ya uko... cha kumpoto uko."

"Anakuphunzitsani sawatcha ndani?"

Mlendoyo anayesa kusolola dzanja lake.

"Iwe ndiwe sajeni wa mbuzi," anatero Kopolo. "Nasibeko, khuthula chikwamacho."

Munatuluka timabuku tisanu ndi tiwiri, ndi mapepala oyera, lililonse lili ndi chidindo cha chala pansi pake. Cholinga chake chinali chokalemba pamwamba pa zidindozo kuti eni ake amutuma iyeyo kukawalandirira zonse.

Nasibeko anakuwa. Anthu anathamangira. Mlendoyo anakoka, anapinda, anapempha, koma dzanja la Kopolo linali ngati msampha. Anamuperekeza ku polisi, mapepala aja ali umboni, ndipo timabuku tinabwerera kwa eni ake, ena a m'midzi yakutali.

M'mawa mwake akuluakulu atatu aja anakwera ngolo kupita ku boma okha, Nasibeko akuwaperekeza, aliyense kabuku kake m'thumba la malaya. Kalaliki wa kumeneko anatsegula kabuku, nakopera nambala, nakabweza pompo. "Kabuku sikagona kuno," anatero. "Fomu ndi yaulere, ndipo musanadinde tikuwerengerani zonse mokweza."

Pobwerera Nasibeko anati, "Komatu abambo, wagwira wakubayo ndine."

"Iwe? Si iwe unkamuyamikira?"

"Ndikanakhala chete, bwenzi mutadinda."

Kopolo anaganiza ngolo ikugwedera. "Zoona. Pakamwa pakopo ndakhala ndikudandaula napo zaka khumi. Lero ndasiya."

Phunziro lake ndi ili, abale anga. Kabuku ka msilikali kasachoke m'manja mwa mwini wake. Pepala losalembedwa musadindepo chala. Ndipo munthu akabwera ndi ulemu wambiri kudzakuthandizani pa zimene simunamutume, mufunseni mafunso mpaka atope, kenako pitani nokha ku ofesi.

Yanga yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, isanapserere.