Ndaziona ndi Mphepo ya Mwera

"Mbendera yofiira ikakwera pamlongoti apo, boti lisachoke pamchenga. Ndipo pamadzi sipapita munthu wopanda jekete yoyandamitsa. Mwamva?"

"Tamva, Madamu!"

Ankalankhulawo anali Mayi Kachingwe, mphunzitsi wa ana ophunzira kuyendetsa maboti a thanga ku Senga Bay pa tchuthi. Mawuwa ankawanena m'mawa uliwonse, mpaka Ndaziona, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, anayamba kuwayeseza chapansipansi. Pagulu lonselo katswiri anali iyeyo. Mphepo ankaimva ndi tsaya isanafike pathanga. Mlongo wake Tsanzo, wa zaka khumi, ankakhala kutsogolo kwa boti atagwira chingwe, ndipo chimene achemwali ake anena, iye sankachitsutsa.

Loweruka lomaliza linali loti ana aonetse makolo zimene aphunzira. Bambo a Ndaziona ndi Tsanzo, amene anali asanaonepo mwana wawo atagwira chiwongolero, anali atanyamuka kale ku Dedza pa minibasi. Koma m'mawawo Mwera unadzuka. Nyanja inada, mafunde akuchita thovu. Mayi Kachingwe anakweza mbendera yofiira, natsekera majekete m'chipinda.

"Lero palibe chionetsero. Ndaziona, ndikuona nkhope yakoyo. Ndati palibe."

Atatero anapita kugeti kukalandira makolo.

Ndaziona anatsala akuyang'ana boti. Masabata atatu athunthu, matuza m'manja, ndiye bambo abwerere osaona kanthu?

"Tsanzo, kankha boti."

"Achemwali, mbendera ija ndi yofiira."

"Tikangofika apo n'kubwerera. Ababa akamatsika, ationere patali."

"Nanga majekete?"

"Akiyidwa. Ukuopa? Sindinakugwetsepo ine."

Tsanzo anayang'ana kugeti, anayang'ana mlongo wake, kenaka anakankha.

Poyamba zinali zokoma. Thanga linafufuma, boti linathamanga ngati silikukhudza madzi, Ndaziona akuseka. Koma atangotuluka pamalo otchingidwa ndi phiri, mphepo inawapeza yonse. Funde loyamba linawanyowetsa. Lachiwiri linadzaza madzi mpaka m'akakolo. Kumtunda kunamveka wezulo, kamawu kakang'ono kotha ndi mphepo.

"Achemwali, akutiitana! Tiyeni tibwerere!"

"Gwira chingwe!"

"Achemwali, chonde!"

Apo ndi pamene Ndaziona anachita mantha. Anakoka chiwongolero kuti atembenuke, koma anakoka mwaphuma. Mphepo inalowa kuseri kwa thanga, mtanda wake unauluka, phwa! pamutu pa Tsanzo. Boti linagudubuzika.

Ndaziona anavuuka akutsokomola, nagwira m'mphepete mwa boti. Ndi dzanja linalo anapeza kolala ya malaya a Tsanzo. Mwanayo anali akutuluka magazi pachipumi, maso ali mwaa.

"Musandisiye," anatero.

"Sindikusiya, iwe. Sindikusiya."

Funde linabwera, anagwiritsa. Linabwera lina, zala zinachita dzanzi, anagwiritsabe. Lachitatu linali lalitali ngati nyumba. Litadutsa, m'dzanja mwake munalibe kanthu.

Mayi Kachingwe anafika ndi boti la injini n'kumukokera mkati, iye akukuwa dzina la mlongo wake mpaka mawu anatha. Anazungulira pamalopo kambirimbiri. Panali madzi okhaokha.

Kumtunda bambo ake anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, nsapato zili kuphazi. Sanakalipe. Anamugwira mapewa, nayang'ana kumbuyo kwake, m'boti, ngati mwina muli wina.

"Mwanawe, mlongo wako ali kuti?"

Ndaziona anagwada m'madzimo n'kugwira miyendo ya bambo ake.

Thupi la Tsanzo analipeza asodzi patapita masiku atatu. Pamaliro ku Dedza palibe amene anamuloza chala Ndaziona, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa ndodo. Mayi ake kwa miyezi yambiri ankaiwala n'kutulutsa mbale zinayi, kenaka n'kubweza imodzi mwakachetechete. Ndaziona lero ndi mayi wamkulu, koma kunyanja sanapondekonso.

Ana inu, tamverani. Wamkulu akati lero ayi, sikuti akukuderani. Iye anaona zimene inu simunaone. Luso lanu likhoza kukhala lalikulu, koma madzi sadziwa kuti uyu ndi katswiri. Ndipo tsoka la kusamvera nthawi zina silikugwera iwe wosamverawe. Limagwera wamng'ono amene anakutsatira chifukwa chokukhulupirira.