Kamtanda pa Dzina la a Lufeyo

Panali munthu wina, kwawo ku Ntchisi koma wokhala m'tauni, amene anayamba kuphunzira luso lomwe mwabwerera inu muno, lokonza zolemba pa kompyuta ndi zizindikiro. Mwaona kale mmene zimakhalira. Polemba, tsamba suliona. Umalemba mawu wamba n'kumaika malamulo pakati pake: apa payambire mutu, apa uthere, apa patseguke mndandanda, apa utsekeke. Ukatha umadina batani, makina n'kukuyalira tsamba losalala ngati la m'buku. Ukatsegula osatseka, makina amakana, n'kukulembera madandaulo ofiira.

Munthu uja anaphunzira masabata atatu okha, mapewa n'kukwera. Zofiira zija zinali zitasiya kumubwerera, ndiye ankadziona ngati wafikapo.

Kumudzi kunali mwambo wovundukula chiliza cha mayi ake, ndipo abale anamupempha kuti akonze kapepala ka ndondomeko. Anakonza mindandanda iwiri. Woyamba unali wa abale amene anatsogola, ndipo analamula makina kuti dzina lililonse la m'menemo lizituluka ndi kamtanda. Wachiwiri, m'munsi mwake, unali wa amoyo oyenera kuwathokoza.

Atafika kale kosindikizira, anakumbukira kuti waiwala dzina limodzi: a Lufeyo, malume ake, amene anamulera kuyambira ali wosavala. Manyazi anamugwira. Anati awaike poyamba penipeni pa amoyo, ndipo analemba dzinalo mofulumira pakati pa mindandanda iwiri ija. Koma chizindikiro chotsekera mndandanda wa akufa chinali mzere umodzi m'munsi mwa pamene analembapo.

Anadina batani. Makina sanadandaule, pakuti chotsegulidwa chilichonse chinali chotsekedwa. Iye tsambalo sanaliyang'ane n'komwe. Anasindikiza mapepala mazana awiri, nawamanga mtolo, nakwera minibasi.

Tsiku la mwambo, m'mawa, mudzi wonse unasonkhana kumanda. Mkulu wa mpingo anatenga pepala nayamba kuitana mayina a otsogola, ndipo pa dzina lililonse anthu ankayankha pamodzi kuti, “Ause mumtendere.” Dzina, yankho. Dzina, yankho. Pakamwa panazolowera. Mkuluyo anafika pa dzina lomaliza lokhala ndi kamtanda.

“A Lufeyo.”

“Ause mumtendere,” unayankha mudzi wonse.

A Lufeyo, nkhalambayo, anali pampando kutsogolo, chipewa pabondo.

Mayi wina anagwira pakamwa. Nkhalamba ija inayang'ana pepala lake nthawi yaitali, chala chili pa kamtanda kaja. Kenaka inaimirira, inanyamula mpando wake, inadutsa chiliza cha mlongo wake, n'kukaukhazika pakati pa mitumbira. Inakhala pomwepo, kuyang'ana anthu.

Mphwake uja, wokonza kapepala, anapita chokwawa nagwada. “Malume, pepani. Ndi kamzere kamodzi chabe. Makina sanandiuze.”

A Lufeyo sanamuyang'ane. Anatembenukira kwa mkulu wa mpingo nati, “Akuluakulu, muuzeni mwanayu kuti mudzi wonse wandiperekeza kale, ndipo wotsogolera ndi iyeyo. Akufa sayankha.”

Anthu ankati ndi mkwiyo wa tsiku limodzi, uphwa. Sunaphwe. A Lufeyo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi ziwiri. Ankalima, ankakalipira mbuzi, ankaseka ndi adzukulu, ndipo aliyense wowapatsa moni ankamuyankha. Koma mphwawo akabwera n'kunena kuti, “Mwaswera bwanji, malume?” maso a nkhalamba ankangomupyola ngati pakhomo sipanaime munthu. Mphwawoyo anatuma ankhoswe, anatuma abusa, osaphula kanthu. Zinamupweteka munthu uja, ndikuuzeni, moti fayilo ya ndondomeko ija ankaopa ngakhale kuitsegula.

Tsiku linakwana, a Lufeyo anamwaliradi. Popeza m'banjamo munalibe wina wodziwa lusoli, abale anabwereranso kwa yemwe uja kuti akonze kapepala ka maliro. Anatsegula fayilo yakale kuti asamutse dzina la malume ake kupita kwa otsogola. Anapeza palibe chosamutsa. Dzinalo linali pomwe analiika iye mwini, kudikira.

Tsono inu amene mwayamba kusangalala kuti zofiira zasiya kukutulukirani, mverani. Makina amadziwa ngati mwatseka zimene munatsegula, koma sadziwa amene akupuma. Akakhala chete, sikuti akuvomerezani. Mukadina batani, tsegulani tsambalo, muliwerenge ndi maso anu mzere ndi mzere, ndipo mukafika pa dzina la munthu, chedwanipo. Chimene inu mwalemba mothamanga muli nokha, anthu adzachiwerenga mokweza, mwiniwake ali pomwepo.