Kamzati ka a Wani

Pa bekale ina yophika buledi panali madalaivala asanu ndi mmodzi ndi magalimoto asanu ndi theka. Theka limenelo linali vani yakale imene onse ankaitcha Chifuwa, chifukwa m'mawa uliwonse inkayamba yatsokomola kaye mpaka agalu a mumsewu kubalalika. Zitseko zake zakutsogolo zinafa kalekale. Makaniko anangoziwotcherera kuti zisamatseguke panjira, ndipo woyendetsa ankalowera pawindo, mutu patsogolo, miyendo ikupalasa m'malere. Madalaivala ankasinthana pa Chifuwa sabata ndi sabata, monga mmene anthu apanyumba amapatsirana chimfine.

Mwezi ukatha, mayi wa mu ofesi ankaimbira foni masitolo onse kufunsa ngati buledi ankafika pa nthawi yake, komanso ngati ankafika ali buledi kapena zinyenyeswazi. Akatero ankapereka malo, kuyambira woyamba mpaka wachisanu ndi chimodzi, n'kumata pepala pakhoma. Pamwamba pankakhala munthu mmodzimodziyo, mpaka dzina lake lenileni linaiwalika, onse n'kumangoti a Wani, poti anali nambala wani. Tisawanamizire, ntchito ankaidziwa. Vuto linali lakuti ankadziwanso zina zonse: mankhwala a dzino, kaleredwe ka ana a eni, ngakhale chimene dokotala analakwitsa. Munthu akangoyamba kuwafotokozera kanthu, ankakweza dzanja n'kumuuza kuti asavutike.

Pansi penipeni pa pepalalo pankakhala mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo, amene a Wani anamupezera okha ntchito atatopa ndi madandaulo. Ameneyu ankatchedwa a Ndafika, chifukwa a sitolo akamuimbira ankayankha kuti "ndafika kale" ali pabenchi ya pa bekale, kapu ya tiyi ili m'manja.

Tsiku lina mwini bekale, mdala amene anali ndi mabizinesi ambiri ndipo ankangotulukira kawiri pachaka, anatumiza uthenga. Anati wagula vani yatsopano. Dalaivala wopambana chaka chimenecho aitenga, ndipo wotsiriza akwatirana ndi Chifuwa mpaka imfa idzawalekanitse. Anawonjezera kuti asamutumizire manambala chifukwa maso ake anatopa nawo, angomutumizira chithunzi pafoni.

A Wani sanadye bwino tsiku limenelo chifukwa cha chimwemwe. Vaniyo ankaifuna ndi mtima wonse. Anali atayendetsa zakutha zaka khumi ndi zinayi, msana ukuwawa, ndipo akazi awo anali atauza kale anzawo. Poti anaphunzirako kompyuta kwa milungu iwiri, anaona kuti nkhani yaikulu chonchi sangaisiye m'manja mwa munthu wina. Analowa mu ofesi, n'kupempha mayi uja kuti asunthe pampando. Anatsegula tsamba la timabokosi pakompyuta, analemba mayina kumanzere, malo a chaka chonse kumanja, n'kudina pamene amadina ofuna tchati. Panatuluka mizati isanu ndi umodzi yabuluu. Wa a Ndafika unafika kudenga ngati chumuni cha uvuni. Wa a Wani unali kachitsa.

Mayi uja anasuzumira paphewa pawo.

"A Wani, pamenepa pavuta. Kompyuta sidziwa kuti wani ndiye wabwino. Iyo ikaona sikisi imati ameneyu ndiye wamkulu. Tiyeni titembenuze manambala a m'mbaliwo kuti wani akhale pamwamba. Mungodina apa."

"Mayi, zimenezo ndinaphunzira tsiku lachiwiri."

"Ndiye tilembeko pamwambapa kuti wamfupi ndiye wopambana. Mawu atatu okha."

"Kodi alipo munthu padziko pano amene sadziwa kuti nambala wani ndi nambala wani? Ngakhale mwana wa mkaka amadziwa. Inu ntchito yanu ndi kuyankha foni. Izi tisiyireni ife."

Anafufutanso timanambala tonse ta m'mbali, poti abwana anati safuna manambala, mizati n'kuipaka mtundu wagolide kuti ioneke yaulemu. Anatumiza. Mayi uja anabwerera pampando wake mwakachetechete, n'kuyamba kupukuta foni ndi kansalu ngakhale kuti inalibe fumbi.

Loweruka mdala anafika pa galimoto yake, vani yoyera ikutsatira pambuyo, mipando idakali m'mapulasitiki. Ophika buledi anatuluka ndi ufa m'nsidze, madalaivala anaima pamzere. A Wani anavala jekete ndi nsapato za ku ukwati, ndipo akazi awo anabwera ndi mlongo wa a Wani uja kudzajambula. Mdala anatulutsa foni, anaitalikitsa ndi dzanja monga amachitira anthu oiwala magalasi, n'kuloza mzati wautali.

"Chithunzi sichinama," anatero. "Ndipo ine sindikudabwa. Nthawi zonse ndikabwera pano, ena onse sindiwapeza, kaya amakhala ali kuti. Koma bambo awa ndimawapeza pompano, pabenchi apo, kuyang'anira malo."

Anapereka makiyi kwa a Ndafika. A Ndafika, amene pa moyo wawo wonse sanafikepo msanga paliponse, pa makiyi pokha anafika msanga. Anawalandira ndi manja awiri, n'kugwada pang'ono.

"Bwana, pepani," anatero a Wani. "Pali kulakwitsa. Wamfupiyo ndiye woyamba. Kachitsako ndine."

"Ndaona kuti ndinu. N'chifukwa chake mukutenga Chifuwa."

"Ayi bwana, ndikutanthauza kuti chithunzicho chimawerengedwa chozondoka."

Mdala anatembenuza foni, mizati inatembenuka nayo n'kuimanso chimodzimodzi. Ophika buledi anayamba kutsokomola m'maapuloni.

"Anapanga chithunzichi ndani?"

"Ndine, bwana."

"Ndiye mukundiuza kuti munakhala pansi, ndi manja anu, n'kujambula mlamu wanu wamtali, inu wamfupi, kuti ine ndimve kuti wamkulu ndinu? Mayi, inu mukuti bwanji?"

Mayi wa mu ofesi anayang'ana a Wani kaye, kenako anayankha mwaulemu wonse.

"Ine sindinakhudzeko, bwana. Ntchito yanga ndi kuyankha foni."

Mwina mdala anazindikira pamenepo kuti china chake chapotoka, pakuti sanali chitsiru. Koma anali atalankhula pagulu, mlongo wa a Wani anali atajambula kale mwamuna wake akupsompsona chiwongolero, ndipo mdalayo anali wa mtundu womwewo wa a Wani, wosabweza mawu. Anaika foni m'thumba.

"Chaka chamawa mudzajambule bwino," anatero, n'kukwera galimoto yake.

A Ndafika anayandikira, makiyi akulira pachala. "Alamu, musadandaule. Tsiku lina mukadzafuna kupita kuchipatala ndi msana wanuwo, mudzangondiimbira. Ndidzafika."

Zinawapweteka a Wani, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti panalibe woti amukwiyire. Anayesa kukwiyira kompyuta, koma kompyuta inachita zimene anaiuza. Kunyumba akazi awo anangopachika jekete ija mukabati n'kutseka chitseko mwamphamvu pang'ono kuposa masiku onse.

Lolemba kunagwa mvula. Vani yatsopano inali pakona, injini ikulira mofatsa, a Ndafika ali m'kati, mpando atauweramitsa chagada, akuuza wa sitolo pafoni kuti afika kale. A Wani analongedza makireti awo mu Chifuwa, anavula chipewa, n'kulowetsa mutu pawindo. Mimba inakanirira pakati. Ali chomwecho, theka m'kati theka kunja, mvula ikuwamenya kumbuyo, mayi wa mu ofesi anadutsa ndi ambulera, pepala latsopano lili m'manja. Linali tchati lomwe lija, koma atalitembenuza: wani pamwamba, sikisi pansi, ndi mawu atatu aja akuti wamfupi ndiye wopambana pamutu pake. Ankapita kukalimata pakhoma.

"Zinangotenga mphindi imodzi, a Wani," anatero. "Ndikukankheni?"

Kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zinayi, a Wani sanakweze dzanja. Manja onse awiri anali atagwira chiwongolero.

"Kankhani, mayi," anayankha chapansipansi.

Mayi anapinda ambulera, anawagwira m'mapazi, n'kukankha. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.