Tsiku Lomwe Ntchefu Inauluka

Panali munthu wina wojambula zithunzi pamaukwati. Akangoti “Musagwedezeke!”, ngakhale ankhoswe ankauma gwa. Kamera yake inkadzisankhira yokha zonse, iye n'kumangodina, komabe ankadzitcha katswiri.

Bambo ake, amene kale ankalondera nyama m'nkhalango, anali atakalamba. Ankakonda kunena kuti anaonapo ntchefu, chinyama chonga ng'ombe yamphongo, ikudumpha chitsamba chotalika ngati munthu. Zidzukulu zinkaseka, mpaka zinawapatsa dzina loti Agogo Bodza. Mkuluyo analeka kulankhula pagulu. Zimenezi zinamupweteka mtima wojambula uja, ndipo ananyamula kamera kupita kumalo osungirako nyama zakutchire, kuti akachotse manyazi a bambo ake.

Kumeneko anapeza kuti ntchefu si mkwatibwi. Nyamazo zinadumpha chitsamba ndithu iye akuona, koma kamera, poganiza yokha, inasankha udzu wapafupi. Udzuwo unatuluka bwino kwabasi, ngati ndiwo ukukwatiwa. Ntchefu inangooneka chimbuuzi. Anatukwana kamera, anatukwana udzu, kenaka anakhala pansi n'kuvomera kuti wolakwa ndi mwini chala.

M'mawa mwake, nyama zisanabwere, anailanda kamera ufumu. Anapotoza kagudumu ka pamwamba kuti diso la kamerayo liziphethira msangamsanga ndi kujambula motsatizana. Anadziwa kuti chithunzi chidzaderako pang'ono, koma anati bola chakuda chokhala ndi ntchefu kusiyana ndi chowala cha udzu. Analozetsa kamerayo pa chitsamba chomwe nyamazo zinadumpha dzulo lake, nadikira. Ntchefu ina itanyamuka, chala chake chinali kale pamalo.

Atabwerera kwawo anaika chithunzicho pamphasa: ntchefu ili m'malere, miyendo yonse inayi itapindika, chitsamba chili pansi pake. Zidzukulu zinangoti kukamwa yasa. Mkulu uja anaimirira wopanda ndodo, nakweza chithunzicho m'mwamba.

“Itanani onse,” anatero. “Wabodza uja akufuna kulankhula.”

Inu amene mukundimva, zinthu zofunika siziima kuti muzijambule. Musasiyire china chilichonse udindo wokusankhirani. Sankhani nokha, ndipo sankhiranitu, chifukwa ntchefu ikakhala m'mwamba si nthawi yopotoza kagudumu.