Mkamwini Amene Anagwetsa Nthochi Zake

Panali mkamwini wina kumapiri a ku Thyolo, amene anadzala nthochi pamunda wa kwa mkazi wake. Nthochi za abale a mkaziyo zinali zitatha ndi chisaka, matenda aja opinimbiritsa masamba mpaka nthochi osabereka. Anthu anazula zodwalazo, minda n'kukhala yoyera, ikudikira mbewu yabwino. Za mkamwini zokha zinaima zobiriwira, ana ali mbwee m'munsi.

Tsono malume a mkaziyo, mwini mbumba, analengeza kuti aliyense akakumbe ana a nthochi kwa mkamwini, akadzale kwawo. Mwini wakeyo sanamufunse. Mkamwini safunsidwa.

Tsikulo lisanafike kunabwera mlangizi wa zaulimi, mayi wina, atanyamula kachipangizo kokwana m'dzanja. Anatswanya tsamba la nthochi za mkamwini, nakonza madzi ake, nadontheza pa kachitsulo kopyapyala. Anafotokoza kuti chamoyo chilichonse chili ndi chizindikiro chakechake cha m'kati chotchedwa DNA, ngakhale kachirombo ka chisaka. Pa kachitsuloko panali nyambo yokola DNA ya kachiromboko basi. Kenaka anathirapo mankhwala okhala ndi mkuwa. Anati mkuwawo umakakamira pomwe DNA yakodwa, ndipo magetsi odutsa pamenepo amasintha.

Magetsi anasintha. Anayesa phando lina, anasinthanso.

"Bambo, matendawa alowa kale," anatero mayiyo. "Kungoti masamba sanayambe kuulula."

Mkamwini anapita kwa malume aja, nagwada, nawauza. Iwo anaseka.

"Kabokosi kameneko kanalimapo nthochi? Ukungomana iwe. Pamudzi pano unafika ndi kachikwama kokha, lero nthochi zakukuza mtima eti?"

Mkazi wake naye anamuchonderera. "Bambo a Tadala, ingokhalani chete. Zikadzafa adzati ndi nsabwe za m'mbewu zochokera kwina zimene zabweretsa matendawo. Adzaloza inu ndani?"

M'mawa wa tsiku lokumba, abale anafika ndi makasu ndi mawilibala. Anapeza mkamwini ali chilili pakati pa munda, chikwanje kumanja, thukuta lili kamukamu. Nthochi zonse zinali pansi. Zitsa anazula, ana a nthochi anawaduladula, osasiyako ngakhale mmodzi woti munthu n'kudzala.

"Wapenga kodi?" anakuwa malume.

"Nthaka ndi yanu, bambo, sindikukana," anayankha mkamwini. "Koma zoti matenda achoke m'manja mwanga kukalowa m'minda ya ana anu, zimenezo ayi."

Malume anati apepese pamaso pa mbumba yonse, anene kuti analakwa, nkhani ithe. Apo ayi azipita kwawo. Mkazi analira. Mkamwini anamuyang'ana, nayang'ana mwana wake, mtima ukuwawa.

"Kuti ndakupwetekani mtima, pepani," anatero. "Koma kuti ndinalakwa, sindinena."

Anakulunga mphasa yake, nauyamba ulendo. Palibe anamuperekeza, ndipo palibe anamuthokoza.

Tsono inu abale anga, tamvani. Lidzafika tsiku loti mukudziwa chimene maso a anzanu sanaonebe, ndipo okuuzani kuti mukhale chete adzakhala anthu amene mumawagwadira, amene mumagona padenga pawo. Kukhala chete kudzaoneka ngati ulemu. Si ulemu umenewo, ndi mantha basi. Gwadani powauza, eya, koma chodwalacho musawapatse. Akakuthamangitsani, nyamukani. Kuli bwino akutukwaneni muli panjira, kusiyana n'kuti azikutamani uku minda yawo ikufa ndi chinthu chimene inu munachidziwa.