Mphepo Yaulere ya a Chimphonda

Ku Namiwawa kudali mpondamatiki woumira, a Chimphonda. Makina otenthetsa madzi a dziwe lawo losambiramo adawaika pampanda wa waya, pafupi ndi zenera la Nasibeko, mayi wogulitsa masamba. Makinawo ankalira ngati chigayo, uku akuuzira mphepo yozizira.

Nasibeko atadandaula, bwanawo adati, "Ngati akukusokosani, samukani."

M'mawa mwake Nasibeko adayala mpiru ndi chisoso pampandapo, nakagwada pageti.

"Bwana, ndabwera kudzathokoza. Mphepo ya makina anuwa ndi firiji yeniyeni! Masamba safotanso. Mawa anzanga akumsika abweretsa awo."

"Magetsi anga azitumikira msika?" adakalipa a Chimphonda.

Dzuwa lisadapendeke, makina adasamukira kuseri kwa chipinda chawo chogona. Nasibeko adagona tulo tofa nato, bwana akufunafuna thonje lotseka m'makutu.