Nkhanga Wocheukacheuka pa Phiri la Mwalawamoto

M'mphepete mwa chipululu china munali phiri la miyala yokhayokha lotchedwa Mwalawamoto, ndipo m'munsi mwake munali chitsime chimodzi chokha. Nyama zinayi zomwe zinkamwa pachitsimepo zinali ndi kalabu yokwera phiri Loweruka lililonse, dzina lake Phazi ndi Phazi. Tcheya wake anali Chinkhoma, kagwape ka m'matanthwe, mwini liwiro, wosadziwa kudikira mnzake. Panalinso Njiri wokonda nthabwala ndi matope, Nyani yemwe mimba yake sinkadzaza, ndi Nkhanga amene anali atangolowa kumene.

Mkangano wawo unali wa khosi la Nkhanga. Mayiyu anali ndi anapiye khumi, ndipo kuyenda nawo kunamuzoloweza kucheuka pafupipafupi. Ngakhale anawo awasiye kwa achemwali ake, khosi silinkaleka ntchito. Akafika pamphambano ankaima, n'kutembenuka thupi lonse, n'kuyang'anitsitsa kumene achokera.

"Mayi Nkhanga, mwataya chiyani kumbuyoko?" anafunsa Chinkhoma tsiku lina atatopa nazo.

"Sindinataye kanthu, a Tcheya. Ndikuona mmene njira idzaonekere pobwerera."

"Njira ndi yomweyo! Kodi njira imasintha nkhope?"

"Imasintha," anayankha Nkhanga. "Nkhope ya mwana ndi nkhongo yake n'zosiyana, koma mwana ndi yemweyo. Mayi ayenera kuzidziwa zonse ziwiri."

Njiri anaseka mpaka kugwada pansi, ndipo kuyambira tsikulo anayamba kumutchula kuti Nacheuka. Nkhanga sanakwiye nazo. Iye analowa m'kalabumo chifukwa anapiye ake ankavuta kuti tsiku lina adzakwere nawo phirilo, ndipo anali atawauza kuti njira imene mayi wawo sanaipondepo, iwo sadzaiponda.

Loweruka lina kalabu inagwirizana zokafika pamwamba penipeni, kumene Njiri, Nyani ndi Nkhanga anali asanafikeko. Chinkhoma yekha ndiye anali atafikako, koma potsika ankangodumpha m'matanthwe molunjika, malo omwe wina aliyense akanathyoka khosi. Njira ya oyenda pansi inali ndi zizindikiro zake. Pamphambano iliyonse panali mulu wa miyala umene anaunjika oyenda akale, ndipo aliyense wodutsa ankaonjezapo mwala umodzi.

M'mawa kusanatenthe anakumana pachitsime, aliyense n'kudzaza chipanda chake. Chinkhoma anakumbutsa malamulo: madzi akafika theka, onse abwerere, ndipo wa kumchira, yemwe amayenda pambuyo pa onse, aonetsetse kuti milu yonse yaima bwino. Nyani anakweza dzanja msangamsanga. "Kumchira ndikhala ine lero, a Tcheya," anatero.

"Alamu, mwayamba liti kukonda ntchito?" anafunsa Njiri.

"Chiyambireni ndimaikonda, alamu. Kungoti simumaona."

Chinkhoma anatembenukira kwa Nkhanga. "Inuyo, mayi, mukatichedwetsa lero, Loweruka likubwerali mukhale ndi anapiye anu." Nkhanga anangogwedeza mutu. Anali atalonjeza anawo kuti abwera dzuwa lisanapendeke kwambiri, ndipo kuyambira pomwe anaswa anali asanawanamizepo.

Ananyamuka motsatana m'khwawa louma. Mchenga unali usanatenthe, ndipo Njiri ankaimba nyimbo yake yosatha ya matope a chaka chatha. Pamphambano yoyamba aliyense anaika mwala wake pamulu, ena n'kupitirira. Nkhanga anaima, anatembenuka, ndipo anaona kuti thanthwe lomwe pobwera linkaoneka losalala, kumbuyo kwake linali long'ambika ngati kamwa loyasamula.

Anaonanso Nyani atakhala pafupi ndi mulu uja, akuusisita. "Pitirirani, mayi, ndikungoukonza," anatero Nyani. Nkhanga atakhota pakona, Nyani anayamba kutembenuza miyala ija umodziumodzi. Iye ankadziwa chimene anzake sankachidziwa, kuti pansi pa miyala younjikana pamakhala pozizira, ndipo pozizira pamagona zinkhanira zonenepa.

Anadya zinkhanira zisanu, miyala n'kuiponya uku ndi uku. Anadziuza kuti aunjikanso pobwerera. Pamphambano yachiwiri anachita chimodzimodzi, pa yachitatunso, mpaka milu yonse inasanduka miyala wamba pakati pa miyala inzake yosawerengeka.

Nyani atawapeza anzake, Nkhanga anamuyang'ana pakamwa. "A Nyani, pamlomopo pali chiyani?"

Nyani anameza msanga kamchira komwe kanatsalira. "Kaudzu, mayi."

"Udzu wa kuno uli ndi mbola?"

"Tiyeni, tiyeni!" anakuwa Chinkhoma ali pamwamba pa mwala. "Nkhani za udzu mukakambe kunyumba!"

Njira inakwera, inakhota, kenaka pamalo ena inatsikira pang'ono m'chigwa chachikulu isanakwerenso. Nkhanga anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa pena paliponse. Anaona kuti kanjira komwe atsikira kanali kakang'ono, kobisika kuseri kwa mtengo wa nkhadze wa nthambi zitatu, pomwe chigwa chachikulucho chinkatsetsereka bwinobwino ngati msewu. Anachiika mumtima, n'kuthamangira anzake.

Dzuwa lisanafike paliwombo anali atafika pamwamba. Chipululu chonse chinali pansi pawo, chofiira mpaka kumene maso alekezera, ndipo chitsime chawo chinkaoneka ngati diso la nyerere. Anakuwa, anavina, Nyani n'kugubuduka kawiri. Ngakhale Nkhanga anatambasula mapiko n'kulira mokweza, ngati kuti anapiye ake amumva.

Kenaka Njiri anachita zake. Thupi linali litamutentha, ndiye anapungulira madzi ake onse otsala pafumbi n'kugubudukamo. "Kutsika n'kosavuta," anatero akudzola matope m'makutu. "Tikamwa kuchitsime." Nkhanga anatsegula mlomo kuti alankhule, koma madzi anali atalowa kale pansi.

Anayamba kutsika dzuwa lili pamutu. Atafika pamphambano ya kumtunda, Chinkhoma anaima zii. Patsogolo pawo panali makwawa atatu ofanana ngati ana a mimba imodzi, koma mulu wa miyala panalibe. Anazungulira, ananunkhiza, anakwera pamwala n'kutsikanso.

"Wa kumchira," anatero Chinkhoma pang'onopang'ono, "mulu uli kuti?"

"Mwina mphepo, a Tcheya."

"Mphepo yonyamula miyala yokhayokha, fumbi n'kulisiya?"

Nyani anageya mwangozi, ndipo fungo la zinkhanira linamveka kwa onse. Anagwira nkhope ndi manja awiri. Anavomera kuti milu yonse inapita, kuyambira pano mpaka kuchitsime, ndipo sankakumbukanso pamene uliwonse unali. Pathanthwe louma panalibe ngakhale phazi limodzi loti alitsate.

Mantha anawagwira. Miyala inali itayamba kuotcha mapazi, m'zipanda munatsala madzi ochepa, ndipo cha Njiri chinali chouma gwa. Chinkhoma akanatha kudumpha yekha mpaka pansi, koma anayang'ana miyendo yaifupiifupi ya Njiri n'kusiya maganizowo. "Mayi, ulukani mutionere njira," anapempha Njiri, nthabwala zitamuthera.

"Mapiko angawa ndi othawira galu, achimwene, sangandifikitse patali," anatero Nkhanga. Ankaganiza za anapiye ake khumi akuyang'ana kuphiri. Anapita pakati pa mphambanoyo, anaima monga anaimira m'mawa, n'kuyang'ana kumunsi. "Khwawa la kumanzere. Pakamwa pake pali mwala woyera wokhala ngati dzira. Ndinauona."

Panalibe wotsutsa. Nkhanga anatsogola, Njiri pambuyo pake, kenaka Nyani, Chinkhoma n'kukhala kumchira koyamba m'moyo wake. Anadutsa mwala woyera uja, anatsika, anakhota kawiri, mpaka analowa m'chigwa chachikulu chija. Pamenepo Nkhanga analoza kanjira kakang'ono kokwera kuseri kwa nkhadze.

"Tikwere apa," anatero.

"Tikwere?" Njiri anakhala pansi. "Nacheuka, dzuwa lakulowani m'mutu. Kwathu n'kumunsi! Msewu si uwu ukutsika bwinobwinowu?"

"M'mawa tinatsikira apa. Pomwe tinatsika pobwera, pobwerera tiyenera kukwerapo."

"Ine sindikukumbuka kuti tinatsika," anatero Nyani.

"Inu munali pa chakudya," anayankha Nkhanga. "Nkhadze iyi ili ndi nthambi zitatu, yapakati yothyoka. Ndinaiwerenga monga ndimawerengera ana anga."

Chinkhoma anayang'ana chigwa chotsetsereka chija, anayang'ananso kanjira kokwera. Nayenso mtima wake unkakokera kumunsi. "Dikirani pamthunzi wa mwalawu," anatero, n'kuthamanga yekha kutsata chigwacho. Sipanapite nthawi anabwerera, makutu ali chilili.

"Chigwachi chikuthera paphompho," anatero ndi mawu otsika. "Ngakhale ine sindingadumphe pamenepo. Pansi pake pali mafupa." Anaima pamaso pa Nkhanga n'kuweramitsa nyanga zake. "Mayi, tsogolani. Mukaima, tonse tiima."

Anakwera kanjira kaja, koma ali pakati Njiri anagwa. Matope anali atauma pathupi pake n'kung'ambika, lilime lili panja. Nkhanga anatsegula chipanda chake. Popeza iye ankamwa pang'onopang'ono tsiku lonse, munali mudakali madzi, ndipo anamuthira Njiri m'kamwa mpaka dontho lomaliza.

"Nanga inuyo mumwa chiyani?" anafunsa Njiri atatsegula maso.

"Ndikamwa kuchitsime. Dzukani, achimwene, ana anga akundidikira."

Nyani, manyazi atamugwira, analowetsa phewa lake pansi pa Njiri. Chinkhoma anakankha kumbuyo ndi mutu. Anakwera choncho mpaka pamwamba pa kamtunda, ndipo kuchokera pamenepo njira inayamba kutsika ndithu. Pamphambano iliyonse Nkhanga ankaima, n'kutchula chimene aone asanachione: chitsa chakupsa, dzenje la nungu, miyala iwiri yotsamirana. Chilichonse ankachipeza pomwe wanena.

Pomaliza anafika pamene makwawa awiri a mchenga ankasiyana. Khosi la Nkhanga linali louma moti mawu sankatuluka, ndiye anangoloza ndi phiko. Kutsogolo kwawo kunali thanthwe long'ambika ngati kamwa loyasamula. "Kamwa lija!" anakuwa Nyani, ngakhale m'mawa sanaliyang'ane n'komwe. Atangolidutsa, mphepo inawabweretsera fungo la madzi.

Njiri, yemwe ankayenda mochita kumugwirira, anathamanga kuposa onse. Koma atafika pachitsime anaima, n'kupatuka pambali. "Ayambe kumwa ndi Nacheuka," anatero, ndipo ulendo uno dzinalo analitchula ngati la mfumukazi. Nkhanga anamwa, akukweza mutu kumwamba pakumeza kulikonse, kenaka onse anagwera m'madzimo.

Atakhuta madzi anamunyamula Nkhanga n'kumukhazika pamsana pa Njiri. Anamuperekeza mpaka kwa achemwali ake akuimba, Chinkhoma akudumpha patsogolo, Nyani akuomba zipanda zopanda kanthu ngati ng'oma. Dzuwa linali lisanapendeke kwambiri. Anapiye anatuluka m'chitsamba akuthamanga, ndipo Nkhanga asanapereke moni kwa aliyense anayamba wawawerenga. Analipo khumi.

Loweruka lotsatira kalabu inakweranso phiri lomwelo, ndipo Nkhanga ndiye anali wa kumchira. Nyani anayenda pakati, pamaso pa onse, n'kuunjikanso milu yonse ndi manja ake, osanyambita ngakhale nyerere. Chinkhoma anaonjezera lamulo latsopano, lakuti pamphambano iliyonse kalabu yonse iziima, kutembenuka, ndipo aliyense atchule chinthu chimodzi chimene waona kumbuyo. Poyamba khosi linkamuwawa Chinkhoma, koma anazolowera.

Anapiye atakula n'kumera mawanga, mayi wawo anawatenga onse khumi kukwera Mwalawamoto pamodzi ndi kalabu. Pamphambano yoyamba, asanauzidwe ndi aliyense, onse anatembenuka nthawi imodzi. Njiri anaseka mpaka kugwada pansi, kenaka nayenso anatembenuka.

Phunziro: Ulendo sutha pofika pamwamba, umatha pofika kwanu. Popita, cheuka kuti uidziwe njira yobwerera, ndipo usamuseke mnzako wosamala, pakuti tsiku limene zizindikiro zidzasowe, maso ake ndiwo adzakufikitse pamadzi.